Kusankhira Anzako Compiler: Mfundo Zofunika

Katswiri wosamalira makompyuta a fakitale mu Heavy Industrial Area ku Lusaka, kaya ndi mumsewu wa Mungwi kapena wa Lumumba, akafuna pulogalamu yatsopano pa seva amangolemba apt install kapena pkg install, basi. Pulogalamuyo imafika yomangidwa kale. Compiler imene inasandutsa zolemba za anthu kukhala malangizo omveka kwa makina anamusankhira ndi anthu ena, akutali, amene sadzaonana nawo. Mfundozi zikupita kwa osankhawo.

1. Kumbukirani kuti mukusankhira munthu amene sadzasankha. Compiler ya GCC inatulutsidwa ndi Richard Stallman mu 1987. Inzake, Clang, inatulukira poyera mu 2007, yomangidwa pa LLVM, ntchito imene Chris Lattner ndi Vikram Adve anayamba ku University of Illinois mu 2000. Zonse ziwiri n'zaulere, ndipo aliyense angasinthe. Koma ndi angati amasintha? Woyang'anira seva ya kumalo osungira katundu ali ndi malole odikira pageti. Chimene wachipeza ndicho adzagwiritse ntchito.

2. Nenani chifukwa chenicheni. Anthu amakonda kukangana za liwiro, komatu nkhani ya dongosolo la FreeBSD, lochoka ku GCC kupita ku Clang, inagona kwambiri pa laisensi. Mu 2007 kunabwera laisensi ya GPL yachitatu, ndipo GCC inayamba kutuluka ndi malamulo atsopanowo. A FreeBSD sanafune malamulo amenewo m'chimake cha dongosolo lawo, choncho anakakamira GCC 4.2.1, yomaliza kutuluka ndi GPL yachiwiri. Zaka zinapita, compiler ija ikukalamba, osadziwa C++ yatsopano. Clang inakhala yosankhiratu pa makompyuta a i386 ndi amd64 mu FreeBSD 10.0, mu Januwale 2014. Munthu angatsutsane nawo pa za laisensi (ine ndemwe GPL sindiiona ngati mdani), koma chifukwa chawo sanachibise. Wotsutsa ankadziwa chimene akutsutsa. A Debian, amene analibe vuto ndi GPL yachitatu, anakhalabe ndi GCC, ndipo nawonso sanalakwe.

3. Wosintha ndiye akonze zosweka. Apa ndi pamene mtima wa munthu umaonekera. Pa nthawi imene FreeBSD inkasamukira ku Clang, GCC inkawerenga C motsatira kalembedwe ka 1989 ngati sunaiuze zina, pamene Clang inkatsatira ka 1999, ndipo kusiyana kumeneku kunali kokwanira kuti mapulogalamu ena amene ankamangika bwino kwa zaka akane. A FreeBSD ali ndi mwambo wotchedwa exp-run: kusintha kwakukulu kusanalowe, amayesa kumanga mapulogalamu onse a mu Ports, nkhokwe yawo ya mapulogalamu masauzande ambiri, n'kuona amene agwa. Mndandanda wa zogwawo umakhala ngongole. Si chilungamo kuti wofuna kusinthayo alandire ulemu, ngongole n'kusiyira wodzipereka wina amene amasamalira kapulogalamu kamodzi usiku akaweruka kuntchito.

4. Musatseke khomo lakale msanga. Makaniko wa mu Heavy Industrial Area amagwira ntchito ndi masipanala a mamilimita, koma a mainchesi sataya, chifukwa Land Rover yakale ikhoza kulowa pageti tsiku lililonse. Mu Ports, pulogalamu yokana Clang ankailembera USE_GCC n'kupitiriza kumangidwa ndi GCC. Mapulogalamu a sayansi olembedwa mu Fortran analibe kwina kopita, popeza Clang siwerenga chiyankhulo chimenecho. GCC 4.2.1 ija inachotsedwa mu FreeBSD mu February 2020, patatha zaka 6 chikhalire Clang yosankhiratu.

5. Kusasintha nakonso kuli ndi mtengo. GCC 10 ya mu 2020 inasiya kulekerera dzina limodzi lolengezedwa mosasamala m'mafayilo angapo, ndipo GCC 14 ya mu 2024 inayamba kukana zolakwa zina za C zimene kale inkangochenjeza. Mapulogalamu ambiri anagwa ngakhale dzina la compiler silinasinthe.

6. Yezani ndi makina a wosauka. Pokambirana, mawu okwera amachokera kwa anthu a makina amphamvu, amene kumanganso zonse ndi nkhani ya kapu imodzi ya khofi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, anthu a ku Lusaka ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Kumanga LLVM yokha pa laputopu yakale kumatha maola, ndipo magetsi akazima batire itatopa, ntchito imaima panjira. Kutsitsanso mapulogalamu onse kumadya bandulo yogulidwa ndi ndalama za m'thumba. Choncho musanalengeze tsiku losinthira, mangiranitu mapaketi onse pa makina anu, lembani poyera amene akukanabe, ndipo lamulo lobwerera ku compiler yakale likhale la mzere umodzi, loti mnyamata wa ku Kabwata amene wangoyamba ntchito angathe kulikopera pafoni.