Kodi Nkoyenera Kulonjeza Kuchiza Nthenda Yosachizika?

Pali nthenda ina imene imagwira makamaka anthu achikulire. Dzanja limanjenjemera lokha munthu ali chikhalire, thupi limauma, ndipo poyenda amakoka mapazi. Madokotala amaitcha nthenda ya Parkinson, pakuti James Parkinson wa ku London ndiye anailongosola m'chaka cha 1817. Si ufiti ayi. Mu ubongo muli timadzi totchedwa dopamine, tothandiza ziwalo kuyenda bwino, ndipo tikachepa nthenda imayamba.

Chodabwitsa nchakuti chitedze, chija chimayabwa kutchire, pamodzi ndi mbale wake kalongonda, chili ndi mankhwala m'njere zake. Asing'anga a ku India anazidziwa njerezi kalekale, ndipo m'chaka cha 1937 akatswiri a komweko anapezamo levodopa, mankhwala omwe achipatala amapereka lero. Wonyoza zitsamba zonse ayenera kuganiza kawiri.

Koma levodopa amangochepetsa masautso. Nthenda siichoka, imakulabe pang'onopang'ono. Tsono sing'anga ayankhe bwanji nkhalamba ikabwera ikukoka mbuzi, nifunsa kuti, "Kodi ndichira, asing'anga?" Ena amati aiuze kuti inde, pakuti chiyembekezo chimalimbitsa mtima. Mawuwa ali ndi nzeru zake, koma aiwala za mawa. Nkhalamba yolonjezedwa kuchira ikaona dzanja likunjenjemeranso, imagulitsa mbuzi yachiwiri. Pambuyo pake imayamba kufunafuna amene anailodza, ndipo abale a bere limodzi amaleka kudyera pamodzi. Mwinanso imataya mapiritsi a kuchipatala amene anali kuithandiza.

Palinso vuto la muyeso. Piritsi linayesedwa, koma njere zina nzamphamvu koposa zinzake, ndipo zikachuluka munthu amasanza ndi kubwebweta. M'chaka cha 1989 anthu ambiri a ku Nampula, m'dziko la Mozambique, anasokonezeka mitu atadya nyembazi pa nthawi ya chilala, madzi oziphikira mobwereza atasowa. Amayi amadziwa chifukwa chake amataya madzi kangapo pophika kalongonda, ngakhale kuti mankhwala ambiri amapita ndi madzi omwewo.

Sing'anga woona mtima amabweza mbuzi ija, nati, "Agogo, kuchotsa nthendayi sindingathe. Pitani kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala zonse zimene mukumwa kuno, kuti mankhwala angachuluke m'thupi mwanu."