Za Kucheza kwa Oyendetsa Ndege Awiri

Ife a ku Zomba tiziona ndege za asilikali zilikunyamuka pa bwalo lao, koma sitiganizira kawirikawiri za anthu awiri akukhala m'kachipinda ka kutsogolo. Pa maulendo atali a kutsidya kwa nyanja, anthu otere akhala pamodzi maora khumi kapena oposa. Kodi ayenera kulankhulana chiani?

Ena ati, Angokhala chete, nasamale ntchito. Ine sindibvomera ai. Makolo anati kuyenda awiri si mantha. Ndipo mnzako akakhala duu usiku wonse, udziwa bwanji ngati ali maso kapena alikuodzera? Koma choposa ndi ichi: wamng'ono wosazolowera kucheza ndi mkulu wache adzachita manyazi kumtsutsa tsiku la tsoka. Pa chisumbu cha Tenerife, m'chaka cha 1977, ndege ziwiri zinagundana pabwalo m'nkhungu, nafa anthu 583. Mmodzi wa antchito anamfunsa kaputeni ngati ndege inzake yachoka m'njira. Kaputeni anayankha mwamphamvu kuti inde, ndipo wofunsayo sanalimbikenso.

Komatu kucheza nako kwapha anthu. M'chaka cha 1974, ku Charlotte m'dziko la America, oyendetsa awiri analikutsika m'nkhungu alikukamba za ndale ndi za magalimoto akale. Sanazindikire kuti atsika koposa, ndipo ndege inagunda pansi isanafike pabwalo. Anafa anthu 72. Pambuyo pache, m'chaka cha 1981, boma la America linaika lamulo lakuti ponyamuka ndi potsika, pansi pa mapazi 10,000, asalankhule kanthu kena koma za ntchito. Msinkhu umenewo ulingana pafupifupi ndi nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, ndipo phiri lathu lonse la Zomba lili pansi pache.

Nanga pamwamba pa malirewo? Apo lamulo lileka, ndipo munthu atsala ndi nzeru zache. Ine ndiyesa kuti nkhani yoyenera ndiyo imene ukhoza kuisiya msanga, monga mlimi asiya khasu akamva kuitana: za kwanu, za ana, za mvula ya chaka chino. Mkulu ayambe ndiye kufunsa, namvere mayankho; pakuti ambiri a ife akulu (ndidziwerengera ndi ine ndemwe) tiyesa kuti kucheza ndiko kulankhula tokha. Koma ndale, miseche, ndi madandaulo a pa ntchito sizisiyika. Pakamwa pangatseke, mtima ulikutsutsanabe.

Taonani zimene zinachitika mu October 2009. Oyendetsa awiri akunka ku Minneapolis, ali pamwamba ndithu, anayamba kukambirana za kagawidwe ka masiku a ntchito, natsegula makompyuta ao. Apansi anawaitana koposa ora lathunthu osayankhidwa. Anaupitirira mzindawo mamailosi 150, kufikira wotumikira apaulendo anawafunsa kuti atera nthawi yanji.