Nyimbo imodzi sachezera gule

Makolo adati nyimbo imodzi sachezera gule. Ng'oma ingakome bwanji, oimba akakakamira nyimbo yomweyomweyo, ovina amathawa mmodzimmodzi. Mwambi umenewu ndaukonzera ana athu a kuno ku Mwanza amene adakodwa ndi makatuni a ku Japan, makamaka Dragon Ball.

Nthano imeneyi si ya dzulo. Akira Toriyama adayamba kuijambula mu 1984, ndipo idafika pa kanema mu 1986. Chigawo chake chotchuka, Dragon Ball Z, chidayenda kuchokera mu 1989 mpaka 1996, magawo 291. Mwini wakeyo adatisiya mu 2024, koma ana akuonerabe, ena m'nyumba za vidiyo pa boma, ena anayi pa foni imodzi, mitu itagundana.

Kuonerako ndilibe nako mlandu. Chondiwawa ndi macheza ake. Pamsika, pasiteji ya kabaza, mumsewu wopita ku chipata cha Zobue, mawu ndi omwewo. "Goku palibe angamuthe." "Krillin ngwachabechabe, ntchito yake n'kufa basi." "Zakale ndiye zinali zenizeni." Wa ku Thambani ndi wa ku Kunenekude sadziwana, koma chiweruzo chawo n'chimodzi. Ukafunsa kuti, "Mwanawe, zimenezi udaziona m'gawo liti?" amakanda m'mutu, ati adamva kwa mnzake amene adaziona pa Facebook.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zidzukulu zanga zidandikhazika pamkeka, ndipo ndidaonera nazo mofatsa. Goku, ngwazi ya nthanoyi amene amati sagonjayo, adagonja ali mwana pampikisano, kwa mphunzitsi wake Roshi yemwe adadzibisa m'dzina la Jackie Chun. Pampikisano wotsatira adagonjanso kwa Tien. Pankhondo yolimbana ndi mkulu wake Raditz adataya moyo. Chilombo chotchedwa Cell adachimaliza ndi Gohan, mwana wa Goku. Nanga Krillin? Ndi munthu wamba pakati pa zimphona, amanjenjemera mawondo koma anzake sawathawa. Imfa yake m'manja mwa mdani wawo Frieza ndiyo idautsa mkwiyo umene udasandutsa tsitsi la Goku kukhala lagolide koyamba.

Ndiye kuti mtima wa nthanoyi ndi kugwa, kudzuka, kukaphunziranso, ndi kudalira anzako, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwana amene wangoloweza kuti Goku sagonja wataya phunziro lonselo. Watola makoko, chipatso wasiya.

Nanunso anzanga a imvi, musaseke ana. Ndimakumvani mukuti nthabwala zidapita ndi Izeki ndi Jakobo, kuti Tikuferanji idali Tikuferanji m'masiku oyambirira a Manganya. John Nyanga ndi Eric Mabedi, eni ake a Izeki ndi Jakobo, adali akatswiri, palibe wotsutsa, ndipo timawalira mpaka lero. Koma ndi angati mwa inu adakhalapo pansi kuonera sewero la achinyamata a lero mpaka kumapeto asanaligamule? Tsobola wakale sawawa. Kutamanda zakale kokha sikulera luso latsopano.

Ife a ku Mwanza manachesi timawadziwa. Wogulitsa aliyense m'mbali mwa msewu amalumbira kuti ake ndiwo otsekemera, koma wogula wanzeru amasenda limodzi, nalawa yekha. Maganizo nawo amafuna kulawa. Fodya wako ndiye ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo: chimene waona ndi maso ako, nuchisinkhasinkha, ndicho chako.

Nkhaniyi sindikuichepetsa chifukwa ndi ya makatuni. M'mera mpoyamba. Mwana wozolowera kubwereza za m'kamwa mwa ena pa nkhani ya Goku, mawa adzabwereza mphekesera za ndale, mabodza a matenda, ndi miseche yopasula mabanja, osafunsa gwero lake.

Choncho ana anga, onerani, kanganani, sekani. Koma musanagamule, onerani mpaka kumapeto, ndipo potsegula pakamwa nenani chimene mwaona inu eni, ngakhale chisiyane ndi cha gulu lonse.