Kuunika Kukhala Kuti?

Pa Yobu 38 Yehova afunsa munthu wobvutika uja ngati adziwa kwao kwa kuunika. Yobu anasowa coyankha. Anzeru a masiku ano ayankhako, koma theka lokha.

M'caka ca 1905 Albert Einstein anaphunzitsa kuti palibe mthenga woposa kuunika liwiro. Kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kucokera kudzuwa kufikira paphiri la Mphangwe kuyenda mphindi 8. Caka comweco anatinso kuunika kumadza m'timagawo ting'onoting'ono, ndito timene tigwira nchito m'masola a pamadenga athu.

Tsono timagawoti tiri nalo khalidwe lozizwitsa. Tiwiri tobadwira pamodzi, tingakhale tasiyana mtunda wautali, tikayesedwa tiyankha mobvomerezana. Mu 1935 Einstein anati yankho liyenera kukhalapo kale. Tifanizire ganizo lace cotere: nsapato ina itumizidwa ku Sinda, inzace ku Vubwi, womasula mtolo ku Sinda akapeza yamanzere, wadziwa pomwepo ya ku Vubwi. Niels Bohr anamtsutsa. Mlanduwo unagona kufikira 1964, pamene John Bell anapeza njira youweruzira. Ndipo Alain Aspect atayesa ku France mu 1982, fanizo la nsapato linagwa. Kubvomerezanako kunaposa kumene mitolo yomangidwa kale ikadatha kupereka.

Kodi lamulo la liwiro lathyoka? Iai. Woyesa ku Sinda sakhoza kusankha yankho, limgwera monga maere. Ndipo wa ku Vubwi saona kanthu kacilendo kufikira awiriwo atalinganiza zolemba zao, ndiye kuti kalata yayenda pamseu monga makalata onse. Koma cimene cicitika m'katimo, anzeru akali kutsutsana. Ena ati yankho kulibe kufikira tiyese. Ena ati tiwirito timangidwa ndi cingwe cosaoneka, cosasamala mtunda.

Apa ndicenjeze. Wina adzamva izi nadzati: Si ufiti womwewo uwu, kugwira munthu ali kutali? Asakunyengeni. Pa njira imeneyi palibe angatumize liu limodzi, kapena nthenda, kapena imfa. Mlengi sanatiululire zonse za kuunika, koma anaikapo malire amene ngakhale kagawo kocepetsetsa sikawalumpha. Cifukwa cace mwana akatentha thupi usiku, musaloze cala nkhalamba ya kutsidya kwa dambo; yatsani nyali, mupemphere, nimumnyamule kumka naye ku cipatala ca St Francis.