Muyeso wa Nyumba ndi Maso a Wansembe

Ku England ndi ku Wales kuli lamulo limene linayamba kugwira ogulitsa nyumba mu 2007, ndipo chaka chotsatira linafikanso pa ochititsa lendi, lakuti nyumba isanasinthe mwini kapena kulowedwa ndi munthu wolipira pamwezi, iyambe yayezedwa ndi munthu wovomerezeka, amene akayendera zipinda, nayang'ana makoma, mawindo, denga ndi boyila yotenthetsa madzi, amalemba chikalata chotchedwa Energy Performance Certificate, chimene anthu akumeneko amangoti EPC. Pachikalatacho pali makwerero asanu ndi awiri, A wobiriwira pamwamba ndi G wofiira pansi, osonyeza ngati nyumbayo imasunga kutentha kapena imakumwaza, ndipo chiweruzo chikalembedwa chimakhala zaka khumi. Abale athu amene anapita kukasamalira okalamba ndi odwala m'mizinda ya kumeneko amachidziwa chikalatachi, pakuti m'dziko limene madzi amaundana panja m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, chilembo chimodzi chikhoza kulosera ngati malipiro a munthu adzakwanira chakudya ndi gasi womwe, kapena adzasankhapo chimodzi.

Komatu ndi ochepa amene amachitchula mokondwa, ndipo madandaulo awo sali opanda pake. Woyeza uja saloledwa kuboola khoma kapena kuzula matabwa apansi, choncho chimene maso ake sanaone, pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa RdSAP imachilingalira potengera zaka zimene nyumbayo inamangidwa. Ndipo munthu amene anagwada masiku ambiri akuyala zotchinga kuzizira pansi pa matabwa a chipinda chake, ngati sanasunge malisiti kapena zithunzi, amawerengedwa ngati sanachite kanthu. Ndiponso popeza muyesowo unakhazikika pa ndalama zimene nyumba imadya, ndipo magetsi kumeneko ndi okwera mtengo kuposa gasi, ena amene anamvera boma nachotsa boyila ya gasi n'kuikapo makina otenthetsa nyumba ndi magetsi otchedwa heat pump anapeza kuti chilembo chawo sichinakwere monga ankayembekezera. Mu Julaye 2020 boma linalonjeza thandizo la mapaundi ofika 5,000 pa nyumba imodzi, ndi 10,000 kwa mabanja osauka, m'dongosolo lotchedwa Green Homes Grant. Koma mafomu anachuluka, mayankho anachedwa, amisiri anadikira malipiro awo kufikira ena anachotsa antchito, ndipo pofika Malichi 2021 khomo linatsekedwa, nyumba zothandizidwa zili kachigawo kakang'ono ka 600,000 zimene zinalingaliridwa.

Tsono funso limene likundisautsa ndi ili: kodi munthu woopa Mulungu aziuona bwanji muyeso wotere, umene umalowa m'nyumba yake, numuweruza ndi manambala, osamva mawu ake? Alipo amene amati boma lingochoka pakhomo la munthu, pakuti mwini nyumba ndiye adziwa podontha. Ndipo mtima ukatopa ndi mizere ya m'maofesi ndi matelefoni osayankhidwa, mawu amenewa amakoma m'khutu. Koma ine sindingathe kuwavomera, chifukwa kuyendera nyumba za anthu si nzeru yatsopano ya alembi a ku London. Mwambowu ndi wakale ngati chilamulo cha Mose, ndipo m'mene unaikidwira muli chidzudzulo cha mbali zonse ziwiri.

M'buku la Levitiko, mutu 14, muli malangizo a nyumba imene makoma ake agwidwa ndi mawanga obiriwira kapena ofiirira, amene akalewo ankawayesa khate la nyumba, ndipo ife lero tikanati ndi nkhungu ya chinyontho. Mwini nyumba ankapita yekha kukauza wansembe. Wansembeyo, asanaponde pakhomo, ankalamula kuti katundu yense atulutsidwe, kuti ngati nyumbayo ipezeka yodetsedwa, mphasa, mbiya ndi zovala za banjalo zisagwe nawo m'chiweruzo. Atatero ankalowa nayang'ana khoma ndi maso ake, natseka nyumbayo masiku asanu ndi awiri, nabweranso kudzaona ngati mawanga afalikira. Akafalikira, miyala yodwalayo yokha ndiyo inkazulidwa n'kukatayidwa kunja kwa mudzi, makoma ankapalidwa n'kumatidwa ndi dothi latsopano, ndipo kugwetsa nyumba yonse kunkadza pamapeto penipeni, nthendayo ikabwerera zonsezi zitachitika.

Taonani mtima umene uli m'lamulo limeneli. Woyendera nyumbayo anali munthu yemweyo amene ankaimirira pa guwa la nsembe, ndiye kuti chinyontho cha m'khoma la mlimi chinayesedwa nkhani yoyenera manja opatulika. Chifundo chinkatsogola chiweruzo chisanafike, pakuti chuma chochepa cha wosauka chinkatchinjirizidwa ndi lamulo lomwelo limene likanachiwononga. Wansembe sankaweruza potengera zaka za nyumba kapena mbiri ya nyumba zinzake, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ankaona yekha, ndipo posakhulupirira kuona kamodzi, ankabwerera. Apa ndi pamene muyeso wa makono umaperewera, chifukwa woyeza amakhala m'nyumba kanthawi kochepa, makina namaliza zotsalazo, ndipo kwa zaka khumi palibe amene lamulo limamutuma kuti akaonenso ngati ana ogona m'chipinda chija akufunda kapena akutsokomola.

Koma amene akufuna kuti muyeso uthetsedwe ayambe akumbukira za ku Rochdale. M'Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ndi matenda a m'chifuwa, ndipo mu Novembala 2022 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti chinamupha ndi nkhungu imene inakuta makoma a nyumba ya lendi imene banja lake linkakhalamo. Bambo wake anali atadandaula kuyambira mu 2017, nauzidwa kuti angopakapo penti. Chikalata cha EPC sichiyeza nkhungu, ndipo sindikunena kuti chikanamupulumutsa; koma kuzizira ndi chinyontho n'zapachibale, ndipo imfa imeneyi ikutionetsa chimene chimagwera wolipira lendi pamene palibe wamphamvu wolowa kudzaona khoma. Lamulo limene aphungu anakhazikitsa mu 2023, lodziwika ndi dzina la mwanayo, lokakamiza eni nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe kufufuza ndi kukonza zotere m'nthawi yoikika, linadza mochedwa kwa iye. Chimodzimodzinso lamulo la mu Epulo 2018, loletsa eni nyumba kulowetsa wa lendi watsopano m'nyumba ya F kapena G, limene mu Epulo 2020 linakhudzanso okhalamo kale, linaikidwa chifukwa cha anthu amene alibe mphamvu yokangana ndi landilodi, ndipo ambiri a iwo ndi alendo m'dzikomo monga abale athu.

Choncho tchimo silili m'kuyeza. Malemba amadana ndi sikelo yonyenga, koma sikelo yoona amaiyesa chokondweretsa Yehova, ndipo chilamulo chomwecho chinalamula womanga nyumba yatsopano kuika kampanda padenga kuti mwazi wa wogwa usakhale pa banja lake. Tchimo limalowa pamene pepala lisanduka pobisalira chikumbumtima: mlembi amene wakana pempho la mayi wamasiye chifukwa bokosi limodzi la pafomu silinadzazidwe amapita kwawo ali ndi mtendere, poti iye wangotsata dongosolo, landilodi amene wasintha mababu ndi tizinthu tina totchipa kuti akwere kuchoka pa F kufika pa E amaonetsa chikalata chake monyadira, zipinda zikuzizirabe monga kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onse awiriwa asunga lemba nataya cholinga chake, ndipo Ambuye wathu anadzudzula zotere pamene anaona akuluakulu a chipembedzo akuwerengera chakhumi cha timasamba ta m'dimba, chilungamo ndi chifundo zili zotayidwa.

Nayenso wodandaula adziyese mtima, pakuti mkwiyo uli pawiri. Pali mkwiyo wa munthu amene wachita zabwino ndipo muyeso wakana kumuona, umenewo ndi wolungama, ndipo uyenera kufika kwa aphungu ndi kwa mabungwe amene amavomereza oyeza, popeza njira yodandaulira chikalata cholakwika ilipo. Palinso mkwiyo wa munthu amene safuna kuonedwa konse, amene amatukwana mafomu chifukwa akumukumbutsa mapaundi ofika 3,500 amene lamulo limati awononge pokonzera nyumba ya mnzake wolipira. Umenewo wavala chovala cha ufulu, koma mkati mwake ndi umbombo.

Chimene tiyenera kupempha kwa olamulira, tsono, ndi muyeso wokhala ndi maso ndi makutu: woyeza wopatsidwa nthawi yokwanira, umboni wa mwini nyumba womvedwa mwaulemu, chiwerengero chofanizidwa ndi gasi ndi magetsi amene nyumbayo yadyadi m'nyengo yozizira, thandizo lolonjezedwa lofika m'nthawi yake, ndi munthu wa dzina amene angayankhe pamene chalakwika. Ndipo ife eni, pokhala pansi pa lamulo lopereweralo, tisalinyoze ngati lopanda ntchito: wokonza nyumba asunge malisiti ndi zithunzi, wofuna lendi ayang'ane chilembo cha nyumbayo m'kaundula wa boma wa pa intaneti, umene ndi waulere, asanasaine kanthu, ndipo mipingo yathu ya kumeneko iphunzitse obwera kumene kuwerenga chikalatachi monga imawaphunzitsira njira ya ku tchalitchi. Boma limene limayeza nyumba za anthu ladzitengera ntchito imene kale inali ya ansembe, ndipo tili ndi chifukwa chokwanira cholikumbutsa, mosatopa ndi mosanyoza, kuti ntchitoyo imafuna kulowa m'nyumba, kuona khoma, ndi kubweranso.