Malipiro a Mmisiri Asagone M'nyumba Mwathu

Tiwerenge Yeremiya 22:13-17. Mfumu Yehoyakimu inamangitsa nyumba yaikulu osalipira omanga, ndipo Mulungu anailosera tsoka.

Namondwe Freddy atagwetsa nyumba zambiri m'boma la Blantyre mu Malichi 2023, amisiri athu a ku Chileka ndi ku Lirangwe anapeza ntchito. Timapangana nawo pakamwa pokha. Malata akakhomedwa, ena timayamba kuzemba, n'kumati, "Tinalemberana pati?" Ife tikugona pouma, ana a mmisiri akugona ndi njala.

Mwana wanu akamanidwa ndalama zake, asagumule khoma. Atenge mboni ndi mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money, akayambire kwa anyakwawa. Zikakanika, apite kukhoti la majisitireti. Ngakhale palibe kalata, khoti limatha kulamula kuti alipidwe molingana ndi ntchito imene wagwira.

Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala timadziwa kuti chosalembedwa chimaiwalika. Tizilemberana mtengo ndi tsiku lolipira pamaso pa mboni ziwiri.

Levitiko 19:13 amaletsa kugoneka malipiro a waganyu. Ngati tili ndi ngongole kwa mmisiri, tikabweze tisanapite ku Misa Lamulungu likubwerali. Ambuye atithandize. Amen.