Woimba amene sanalembedwe ganyu

Musanasenze makasu, tiyeni timukumbukire Evison Matafale wa ku Chileka. Mu 2001, ndege zitaomba nyumba zosanja ku New York, iye anaimba nyimbo ya Time Mark. Posakhalitsa mabomba anayamba kugwa ku Afghanistan. Chaka chomwecho anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la a Bakili Muluzi, ndipo pa 27 Novembala anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe.

Ena amati woimba azingosangalatsa anthu, ndipo nkhondo yakutali simukhudza mlimi wa fodya. Komatu nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo tinagawana nawo madzi ndi nkhuni. Moto wa kwa mnansi sulemekeza malire. Tsono bomba lisanagwe, bodza ndiye limatsogola, ndipo woimba wodya za chipani sangalitchule, poti pakamwa pake pali nsima ya mwini. Amalitchula ndi uja wodziimira payekha, ndipo mtengo wake Matafale anaulipira. Mukamva oimba otere m'mawa uno, abale, musatseke wailesi.